Manda a agogo Muniko akusowa

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa zaka zambiri, ndipo kunena zoona ndimawaseka anthu amene amakulemberani. Lero zandigwera ine. Sekaniko pang'ono, koma mundithandize msanga chifukwa Lolemba likubwerali zinthu ziipa.

Ndine mayi wa ana atatu, ndili ndi kasitudiyo kojambula zithunzi kuseri kwa depoti ya mabasi kuno ku Tarime. Ndine wa kubanja la a Muniko. Ngati munakwerapo basi ya ku Sirari, ndiye kuti wa kwa Muniko munakumana naye: mwina dalaivala, mwina kondakitala, mwina uja anakupondani phazi osapepesa. Agogo athu a Muniko anali ndi akazi asanu ndi atatu, ana opitirira makumi asanu, ndipo ife adzukulu ndi zidzukulu tinasiya kalekale kuwerengana. Mukudziwa kuti kwathu kuno mwana wamwamuna woyamba amakhala Chacha, Marwa kapena Mwita. Pa maliro ena munthu anangoitana kuti, "Chacha, tabweretsa mpando," ndipo kunabwera mipando yoti n'kutsegulira tchalitchi.

Amuna a m'banja mwathu amayenda chifuwa patsogolo chifukwa cha agogo amenewa. Wina akafuna kutenga mkazi wachiwiri sapereka chifukwa, amangoti, "Ndi magazi a Muniko, ine ndingatani?" Msuweni wanga wina amagulitsa pamsika mizu imene amati ndi imene agogo ankatafuna, ndipo anthu amaima pamzere kugula.

Chaka chatha bambo anga aang'ono a Burure, amene atsala okha mwa ana aamuna a Muniko, anagamula kuti mu Disembala uno tonse tikasonkhane kumudzi wakale ku Nyamwaga. Tikaphe ng'ombe, tikamange manda a agogo, tikaimike chiboliboli chawo, ndipo wina akafotokoze mbiri yawo pamaso pa onse. Winayo anasankha ine. Ndinayesa kukana, ndati ine ntchito yanga ndi zithunzi za pa chiphaso ndi za maukwati. A Burure anati, "Iwe mwana wa Sabai, umajambula ana olira ndi akwati amanyazi, ndiye wakufa akukanike? Wakufa sagwedezeka n'komwe. Tipezere nkhope ya bambo, manda awo ndi mbiri yawo." Anthu anaomba m'manja, ine n'kukhala pansi ngati chitsiru.

Ndiye ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, kamera ili pakhosi. Aphungu, ndamwa busara, thobwa lathu lija la mawere, mpaka mimba kuuma gwa, ndipo nyumba iliyonse ndapezako Muniko wakewake. A kunyumba yoyamba akuti anali wamtali, ankawerama polowa m'khola. Ife a kunyumba yachitatu timadziwa kuti anali wamfupi, wojintcha, wosakonda kuyankhula. A kunyumba yachisanu akuti mowa sankaulawa, a kwachisanu ndi chimodzi akuti chipanda sichinkachoka m'manja mwake. Azakhali ena a ku Sirari anandilumbirira kuti pa nkhondo ya azungu ija anali ku Burma. Azakhali ena anandilumbiriranso kuti zaka zomwezo anali kundende ku Musoma pa mlandu wa ng'ombe. Ine nditaona kuti zaka zimenezo kumudzi kunabadwa ana ambirimbiri, ndinafunsa a ku Sirari aja kuti nanga zinkatheka bwanji. Anandiyang'ana ngati ndatukwana n'kunena kuti, "Ankabwera pa tchuthi. Kodi iwe kusukulu unkaphunzira chiyani?"

Imfa yawonso ili mitundumitundu. Ng'ona ya mumtsinje wa Mara inawadya, mphezi inawamenya, ndiponso anapita ku Kenya kukagula ng'ombe yamphongo osabwerako. Amene amakhulupirira za ku Kenyazi anandichenjeza kuti tisafulumire kumanga manda, "chifukwa mwina akadali m'njira." Munthu woti akanakhala moyo bwenzi atadutsa zaka zana kalekale.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene nyumba zonse zimagwirizana, chipewa. Chipewa chakhaki, chachikulu ngati lichero. Wachikulire aliyense amakumbuka kudzuka m'mawa n'kuchipeza chitakolekedwa pakhomo pa amayi ake, amayiwo n'kumati, "Musasokose, bambo anu abwera." Masana akafunsa kuti ali kuti, yankho linali lakuti angochoka kumene. Palibe amene anadyapo nawo mbale imodzi, palibe amene anamvapo mawu awo, kupatula a Burure. Iwo amafotokoza, ndipo amafotokoza pa ukwati uliwonse, kuti ali kamwana anakhala pamiyendo pa bambo awo, anagwira ndevu zawo, ndipo bambowo anawapatsa kansomba kouma n'kuwauza kuti adzakhala munthu wamkulu. Akafika pa kansombapo amatulutsa mpango n'kupukuta m'maso.

Chithunzi ndiye sindinachipeze paliponse. Komiti yokonza mwambowo inati palibe vuto, nkhope ya agogo ili mwa ife tomwe, tingoitolera. Anthu anabwera ku situdiyo kwanga pamzere kuti ndiwajambule. Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse osachiganizira: ife a kwa Muniko sitifanana ngakhale pang'ono. Ena ataliatali, ena afupiafupi, ena akuda bii, ena oyererako, ndipo mphuno zokha zilipo mitundu yoposa ya nyemba pamsika.

Mkangano wa mphuno unadya misonkhano iwiri, anthu ena mpaka lero sapatsana moni. Pamapeto pake inapambana mphuno ya a Burure, poti ndiwo anali pampando. Makutu anaperekedwa ku nyumba yachinayi kuti asiye kudandaula, msinkhu ku nyumba yoyamba, mimba ku nyumba yachisanu ndi chimodzi. Ife achitatu tinapatsidwa mapazi. Ntchito youmba anaipereka kwa mmisiri wina wa ku Musoma amene amaumba akadyamsonga a simenti a pa mageti a mahotela, ndipo dzanja lake linazolowera, moti khosi la agogo latuluka lalitali kwabasi. Chibolibolicho chinabwera pa lole mwezi watha. Atangochivundukula, azakhali a ku Sirari anagwa pansi n'kuyamba kulira kuti, "Ndi iwowa ndithu, mpaka kayang'anidwe komwe."

Tsono manda. Mwamuna kwathu amaikidwa m'khola la ng'ombe, ndiye tinasanthula khola lakale lonse, chimene tinapeza ndi nsagwada za ng'ombe basi. Anaitana mlosi wina, anatiloza malo atatu, n'kutiuza kuti munthu wa akazi asanu ndi atatu sangagone malo amodzi. Komiti inatopa, inati chiboliboli chikangoima pachipata, zatha. Inatembenukira ku nkhani ina yofunika: anthu mazanamazana akadya nyama ndi kichuri, msuzi wathu wa ndulu uja, kwa masiku angapo, adzathamangira kuti? Anagwirizana zokumba mzere wa zimbudzi kuseri kwa bwinja la nyumba yakale, pansi pa mtengo wa mapeyala, poti dothi lake n'lofewa. Anakhoma zikhomo, anakoka chingwe.

Apa m'pamene akulowera agogo a Mogesi. Iwowa ndi mkazi womaliza wa a Muniko, mayi wawo wa a Burure, ndipo mwa akazi onse aja atsala okha. Maso akuchita mdima, miyendo yatupa. Kuyambira tsiku limene anakhoma zikhomo, m'mawa uliwonse amatenga kampando kawo n'kukakhala pakati penipeni pa chingwecho mpaka nkhuku zitalowa. Okumba akabwera amawapeza ali phee, akutong'ola chimanga. Tsiku lina anawanyamula ndi kampando komwe n'kukawaika pakhonde. Anyamatawo asanatole n'komwe makasu, agogo anali atabwerera chokwawa. Aliyense akuti ndi ukalamba. Ine ndinali ndisanawafunse chilichonse, chifukwa a Burure anandiletsa kuti, "Amayi usawavutitse, mutu unapita."

Sabata yatha ndinapita kukawajambula, poti wamasiye ayenera kuoneka pa mwambo. Ndikukonza kamera ndinangofunsa mocheza kuti, "Agogo, kodi amuna anu anali otani?" Iwo anati, "Amuna anga ati?" Ndinati a Muniko. Aphungu, anaseka mpaka kutsokomola, ine kuwasisita pamsana. Atapuma anati, "Analitu mwamuna wabwino, mwana iwe. Sanandimenyepo, sanadandaulepo za mchere, sanalowepo m'nyumba ndi matope. Sanabadwe."

Ndinaganiza kuti mutu unapitadi. Koma anandigwira dzanja n'kundifotokozera zonse mwadongosolo kuposa aliyense amene ndamufunsa chaka chonsechi.

Kunali mayi, dzina lake Wankuru. Anakwatiwa pamudzipo, ana ake onse anamwalira ali makanda, kenako mwamuna wakenso anatsatira. Misozi isanaume alamu ake anabwera kudzagawana ng'ombe ndi munda, poti nyumba yopanda mwana wamwamuna imatsekedwa. A Wankuru anaima pachipata cha khola n'kuwauza kuti, "Mwana wamwamuna ndili naye. Dzina lake ndi Muniko, ndipo mawa ndikukamulowolera mkazi." M'mawa mwake anakusa ng'ombe, anakalowola mtsikana m'dzina la mwana amene kunalibe. Mwambowu mukuudziwa, nyumba ntobhu, mpaka lero ulipo: mayi wopanda mwana wamwamuna amalowola mpongozi, ndipo ana amene mpongoziyo abereke amakhala adzukulu a nyumba imeneyo. Kungoti anthu ena amachita kamodzi n'kupuma. A Wankuru zinawakomera. Mlamu akangotsokomola atayang'ana kukhola, iwo ankamulowolera Muniko mkazi wina. Ana aakazi akakwatiwa ng'ombe zinkalowa, ng'ombezo n'kukatenganso mkazi wina, mpaka anakwana asanu ndi atatu.

Chipewa chija a Wankuru anachigula pamene ana anayamba sukulu n'kumasekedwa kuti alibe bambo. Ankachikoleka okha, lero khomo ili, mawa khomo lina, mosakondera kuti pasakhale nsanje. A Mogesi akuti nsanje inalipobe, mkazi wachiwiri ndi wachisanu anagwiranapo makosi chifukwa chipewa chinagona masiku awiri khomo limodzi. A Wankuru anamwalira a Burure akukwawa, ndipo akaziwo anapitiriza kuchiyendetsa okha mpaka chiswe chinachidya. Ana akuluakulu ankadziwa, koma anali atatchula kale dzina la Muniko kusukulu ndi kutchalitchi, ndiye anangofa osaulula. Nkhani za Burma ndi ng'ona mayi aliyense ankapeka zake, malinga ndi mwana amene wavuta tsiku limenelo.

Ndinafunsa funso limene nanunso mukufuna kufunsa, loti nanga anawo ankabereka nawo ndani. Anati, "Amenewo anali alendo, sitiwawerenga." Ndinati nanga wandevu uja anapatsa a Burure kansomba? Anati, "Ankagulitsa nsomba zouma pa njinga, wochokera ku Shirati. Ankanunkha, koma anali waulemu." Ndinayamba kunena kuti ndiye kuti a Burure ndi mwana wa wansombayo, koma sindinamalize. Anandigenda chitsononkho pabondo. "Burure ndi wa Muniko. Ng'ombe zinatuluka m'dzina la ndani? Usandiyankhulire zopusa."

Kenako anagunda pansi ndi ndodo yawo. "Amayi Wankuru ali pano pamene ndakhalapa. Tinawaika kuseri kwa nyumba yawo, mtengowu tinadzala ndife. Ine anandilowola chaka cha njala, ndili mafupa okhaokha, anandidyetsa ndi dzanja lawo mpaka ndinakhala munthu. Ana otchedwa Muniko adzaza mudzi uno, wotchedwa Wankuru palibe ndi mmodzi yemwe. Ndinamupempha Burure kuti mwana wake wamkazi amutche Wankuru, anamutcha Gloria. Lero adzukulu awo akufuna kudzawakhalira pamutu ndi mimba zodzaza nyama." Ndinati bwanji osangowauza a Burure kuti pali manda. Anati, "Ndikatchula amayi, afunsa za bambo wake. Mwana uja wakhala akugwira ndevu zija zaka zonsezi. Ndimuphere bambo wake ali ndi imvi? Bola ndizingokhala pano." Ine Aphungu ndinalira, chithunzi sindinajambule n'komwe.

Ndinayesa kuwazungulira a Burure. Ndinati bambo, bwanji zimbudzi tikakumbe kumunsi. Anati kumunsi kuli chitsime, ukufuna kupha banja lonse? Ndinati kodi amayi awo a Muniko anali ndani, ndiwatchuleko mu mbiri. Anati, "Mayi wina wake. Iwe takutuma za bambo, usatitayire nthawi." Ndipo anandiuza monyadira nzeru imene apeza: Lolemba akuwatenga a Mogesi kubwera nawo kuchipatala kuno kudzaonetsa miyendo, ndipo galimoto ikangokhota, anyamata ayambe kukumba.

Ndiye ndichite chiyani? Ndikakhala chete, mayi amene anatiyambitsa tonsefe akhala pansi pa chimbudzi, ndipo a Mogesi akabwerako kuchipatala n'kupeza maenje, ndikudziwa kuti akagona sadzadzukanso. Ndikayankhula, ndiye kuti ndikauza anthu mazanamazana, ena mwa iwo asilikali ovala mendulo, kuti ndi adzukulu a chipewa. Bambo anga a Sabai anamwalira akunyadira kuti kayendedwe kawo n'ka a Muniko. Ineyo ndakhala ndikuuza amuna anga kuti mkwiyo wangawu ndi wakumtundu, asalimbane nawo, ndinatengera agogo. Tsopano ndiwauza kuti ndinatengera ndani? Mantha andigwira, ndipo ndakwiya, koma woti ndimukwiyire sanabadwe.

Dzina langa lonse musalembe. Zilembo ziwirizi n'zokwanira, eniake tilipo ambiri moti aliyense aziloza mnzake.

N.M., Tarime

Mayi N.M.,

Mwabisa dzina lanu koma mwandiuza pamene pali situdiyo yanu ndi dzina la bambo anu. Mayina ndawasintha ine, ndipo yankholi ndakutumizirani lero lomwe osadikira tsiku la nyuzipepala, chifukwa Lolemba silili patali.

Ndaseka, sindikubisirani. Pa mapazi amene nyumba yanu inapatsidwa ndinachita kuika kalata pansi kuti ndipume. Koma nditafika pa gogo wokwawa kubwerera pamalo pake, kuseka kunandithera. Inu mwasakaniza nkhani ziwiri, n'chifukwa chake mutu ukuzungulira. Nkhani ya Muniko ndi ya Disembala, ndipo simenti siola. Nkhani ya manda ndi ya Lolemba. Yambani ndi ya Lolemba.

Tsekani situdiyo, tengani mpando, pitani ku Nyamwaga. Musapite nokha. Vuto la banja lanu n'kuchuluka, ndiye kuchulukako kugwireko ntchito kamodzi. Itanani amayi a nyumba zonse zisanu ndi zitatu, ana aakazi ndi azipongozi omwe, muwauze chinthu chimodzi chokha: pansi pa mtengo wa mapeyala pagona amayi awo a Muniko. Limeneli si bodza, ndipo silipha munthu. Aliyense abwere ndi kampando ndi mwala. A Mogesi apite ndithu kuchipatala, miyendo yotupa si yoseweretsa, koma galimoto ikamakhota aone ndi maso awo ofookawo kuti pamalo pawo pakhala anthu. Anyamata aja ananyamula nkhalamba imodzi. Ndione ngati anganyamule azakhali a ku Sirari ndi anzawo onse. Miyalayo muzungulize mandawo tsiku lomwelo, zikhomo muzule. Zimbudzi zikafune malo ena, munda ndi waukulu.

Asanapite kuchipatala, apempheni a Mogesi kuti muwajambule akufotokoza okha, nkhope ndi mawu omwe. Mwatha chaka mukujambula mphuno za anthu osadziwa kanthu, munthu wodziwa ali chikhalire pansi pa mtengo. Akakana, musawabere. Akalola, sungani, musathamangire kutumiza pa gulu la pa foni la banja, chifukwa kumeneko nkhaniyi ikafika madzulo ili ndi nyanga.

Za a Burure, musawauzire pamsonkhano, ndipo owauza musakhale inu. Mwana wa mbale wawo si woti awachotsere bambo. Ntchito yanu ndi kuwatengera pansi pa mtengo paja Lolemba lisanafike, kuwakhazika pafupi ndi mayi awo, inu n'kupita kukatola mapeyala patali. A Mogesi auzeni mosabisa kuti zokhala pakampando zafika pothera, mandawo tsopano akufuna pakamwa pawo. Angathe kuyamba ndi manda okha. A Burure akafunsa zambiri, mayi ndi mwana athana okha. Ndipo musadabwe mukapeza kuti mkuluyo akudziwa kuposa mmene mukuganizira. Munthu wokulira kuno, woona mabanja a nyumba ntobhu tsiku ndi tsiku, amene amaletsa anthu kufunsa mayi ake omubereka, ameneyo akuopa kumva chimene mtima wake unamuuza kale. Mupite nawo mwaulemu, mpango wawo uja angaufune. Za wansomba zouma tsekani pakamwa mpaka kalekale. Mwini nkhani anakuyankhani kale ndi chitsononkho.

Tsono mukuti mukauze anthu kuti ndi adzukulu a chipewa. Ayi. Muniko musamuphe, ndipo musamanene kuti sanabadwe. Anabadwa tsiku lija mayi wake anaima pachipata cha khola n'kumutchula dzina pamaso pa alamu ake. Kuyambira pamenepo wasunga munda, wasunga ng'ombe, watumiza ana kusukulu, sanamenyepo mkazi. Bambo anga ine anabadwa ndithu, chithunzi chawo ndili nacho, koma mukanandifunsa ndili mwana ndikanawasinthanitsa ndi chipewa chimenecho tsiku lomwelo. A Wankuru sanabe kanthu ndipo sananamize akuluakulu a mudzi. Anatsata mwambo umene aliyense ankaudziwa, kungoti anautsata mwamphamvu kuposa anzawo. Amene ayenera kuchita manyazi ndi aja amatenga mitala m'dzina la munthu amene sanagwirepo ngakhale chala cha mkazi, pamodzi ndi msuweni wanu wa mizu.

Chiboliboli musachigwetse. Chichoke pachipata chikaime pambali pa mandawo, mwana alondere mayi wake. Pamwala dzina loyamba likhale la Wankuru, la Muniko pansi pake. Khosi lisiyeni choncho, munthu amene wakhala akusuzumira kwawo ali ku Burma sangakhale ndi khosi lalifupi. Mu Disembala mbiri yanu muiyambire pachipata cha khola paja, ndipo mufotokoze mpaka pamene a Mogesi ndi a Burure akuloleni. Ena akwiya, makamaka amene anamenyera mphuno. Akwiye, akadya nyama mitima igwa. Koma mudzaona kuti nyumba zimene zakhala zikukanganirana Muniko sizidzakangana za Wankuru, chifukwa ameneyo analipo mmodzi. Ndipo mwana wamkazi amene abadwe kutsogoloku, poti m'banja lanu sabata siitha osabadwa mwana, mukapemphe makolo ake amutche dzina limeneli a Mogesi akadamva.

Za mkwiyo wanu musadandaule. Mayi amene anaimitsa alamu ake pachipata n'kubereka mwana wamkulu kale ndi pakamwa pokha sanali wofatsa. Amuna anu auzeni kuti munangolakwitsa dzina, apitirize kusamala.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire komiti, musadikire kuti mantha athe, musanene kuti ndiyambe ndamaliza zithunzi za ukwati wa Loweruka. A Wankuru anachita zonsezi poopa chinthu chimodzi, kuti nyumba yawo itsekedwa ndipo sipadzakhala wowakumbuka. Anadzaza dziko ndi adzukulu, koma lero wowalondera ndi nkhalamba imodzi yotupa miyendo, ndipo mvula yayamba. Mawa m'mawa a Mogesi akamafika ndi kampando kawo, akupezeni mutakhala kale.

Aphungu